Al-Murabitun: ufumu umene sunatchedwe dzina la kholo

Okonda mpira pakati pathu akukumbukira usiku wina mu Januwale 2024, pamene timu ya dziko la Mauritania inagonjetsa Algeria ndi chigoli chimodzi kwa chilowere pa mpikisano wa AFCON ku Côte d'Ivoire. Anthu a ku Mauritania amaitcha timu yawoyo kuti Al-Murabitun. Dzinali silinabadwire pa bwalo la mpira. Ndi dzina la banja lachifumu la Asilamu limene zaka zoposa 900 zapitazo linkalamulira dera lalikulu zedi, kuyambira kufupi ndi mtsinje wa Senegal, kudutsa chipululu cha Sahara ndi dziko la Morocco, mpaka mkati mwa Spain. Azungu analitchula mwa lilime lawo, n'kukhala Almoravids.

Mabanja ambiri achifumu m'mbiri ya Chisilamu ankadziwika ndi dzina la kholo lawo. Banu Umayya, amene analamulira ali ku Damascus kuyambira 661 mpaka 750, anatenga dzina la Umayya ibn Abd Shams. Banu Abbas a ku Baghdad anali zidzukulu za al-Abbas, bambo ake aang'ono a Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye). Mafumu a Fatimid a ku Egypt ankati anachokera kwa Fatima, mwana wa Mtumiki. Mwambo wotere si wachilendo kwa ife, pakuti kwathu kuno wolowa ufumu amalowa dzina la malume ake kapena la agogo ake.

Koma mu mzere wa mafumu a Al-Murabitun munalibe kholo lotchedwa Murabit. Akanatsata mwambo wa anzawo, bwenzi tikuwadziwa ndi dzina la fuko lawo, Lamtuna. Iwo anadziwika ndi dzina la ntchito imene anadzipereka kuichita, ndipo mbiri yawo yonse imatifunsa funso limodzi: kodi dzina lotere mwana angalilandire ngati chuma chamasiye?

Liwu lochokera ku chingwe

Mawu ambiri a Chiarabu amaphuka pa muzu wa zilembo zitatu. Muzu wa dzinali ndi r-b-t, ndipo tanthauzo lake loyamba ndi kumanga ndi chingwe, monga momwe msodzi amamangirira bwato akakocheza, kapena momwe timamangirira mbuzi pachichiri. Kwa Aarabu, chiweto chomangirira chofunika kwambiri chinali kavalo. Mu Surah al-Anfal, ndime 60, Qur'an yolemekezeka imagwiritsa ntchito liwu loti ribat ponena za akavalo omangiriridwa pafupi, okonzeka kukweredwa mdani akangotulukira.

M'kupita kwa nthawi liwuli linakula. Ribat inayamba kutanthauza kukhala tcheru m'malire a dziko la Asilamu, ndipo pambuyo pake inatanthauzanso linga limene alonda odzipereka aja ankakhalamo. Malinga otere akadalipo m'mphepete mwa nyanja ku Tunisia. La ku Monastir linayamba kumangidwa mu 796, ndipo la ku Sousse lili ndi mawu ozokotedwa osonyeza chaka cha 821. Okhalamo ankalondera gombe, kuswali ndi kuphunzira. Munthu wochita zimenezi ndiye murabit, akachuluka ndi murabitun.

Liwuli lilinso ndi mbali ina yosakhudza kavalo kapena linga. Ndime yomaliza ya Surah Al Imran, ya 200, imalamula okhulupirira kupirira ndi kukhazikika osasuntha, ndipo mneni umene ukunena za kukhazikikako ndi wochokera pa muzu womwewu. Palinso hadith yopezeka mu Sahih Muslim ndi mu Muwatta ya Imam Malik, mmene Mtumiki anatchula ntchito zitatu: kukwaniritsa wudhu ngakhale pa nthawi yovuta, kuchulukitsa mapazi opita kumzikiti, ndi kudikira swala ina munthu akamaliza inzake. Ntchito zimenezi anazitcha ribat. Choncho murabit akhoza kukhala mlonda wa pamalire, komanso akhoza kukhala munthu amene wamangirira mtima wake pa kumvera Allah.

Mfumu imene inapempha mphunzitsi

Chiyambi cha ufumuwu chili kwa anthu a mtundu wa Berber otchedwa Sanhaja, oweta ngamila a kumadzulo kwa Sahara, kumene lero kuli Mauritania ndi madera oyandikana nayo. Mafuko awo akuluakulu anali Lamtuna, Gudala ndi Massufa. Anali atalandira Chisilamu kalekale, koma aphunzitsi sankafika kumeneko, ndipo ambiri ankadziwa zochepa kwambiri za chipembedzo chawo.

Cha m'ma 1035, mfumu ya fuko la Gudala, Yahya ibn Ibrahim, inapita ku Hajj. Pobwerera inaima mumzinda wa Kairouan, ku Tunisia, n'kukhala nawo pa maphunziro a shehe wotchuka wa madhhab a Maliki, Abu Imran al-Fasi. Shehe uja atayifunsa za chipembedzo cha anthu ake, anapeza kuti chidwi chinali chachikulu koma maphunziro kunalibe. Mfumuyo sinabise umbuli wa kwawo. Inapempha kuti ipatsidwe munthu woti akaphunzitse anthu ake Qur'an ndi Sunnah.

Mwa ophunzira a ku Kairouan panalibe amene anavomera kukakhala m'chipululu. Pamenepo Abu Imran analembera kalata wophunzira wake wakale, Waggag ibn Zallu, amene anali ndi sukulu m'chigawo cha Sus, kummwera kwa Morocco. Waggag anapereka mmodzi wa ophunzira ake, Abdallah ibn Yasin, ndipo ameneyu ndiye anatsagana ndi mfumu ija kunka kuchipululu.

Ibn Yasin anali munthu wouma pa malamulo. Wochedwa pa swala ya pagulu ankakwapulidwa, ndipo wolemera ndi wosauka ankaweruzidwa mofanana. A Gudala anamupirira pamene mfumu imene inamubweretsa inali moyo, koma itamwalira anamuukira, kumulanda katundu ndi kumuthamangitsa. Amene anamulandira anali a fuko la Lamtuna, motsogozedwa ndi Yahya ibn Umar ndi m'bale wake Abu Bakr. Apa ndi pamene mphunzitsi anapeza asilikali, ndipo fuko linapeza chifukwa chomenyera nkhondo choposa kulimbirana zitsime ndi msipu.

Dzinali linadza bwanji?

Olemba mbiri akale anatisiyira mayankho atatu.

Yankho lofala kwambiri, limene likupezeka m'mabuku ambiri a sukulu, ndi la chilumba. Linalembedwa ndi Ibn Abi Zar wa ku Fez m'buku lake Rawd al-Qirtas, cha m'ma 1326. Iye akufotokoza kuti Ibn Yasin, ataona kuti anthu akukana ulaliki wake, anapatuka ndi anzake ochepa kupita pa chilumba, kumene anamanga ribat yopembedzeramo. Anthu anayamba kumulondola mpaka anakwana pafupifupi 1,000, ndipo iye anawatcha Murabitun chifukwa chosasiyana ndi ribat imeneyo. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, koma ili ndi vuto. Ibn Abi Zar analemba patadutsa zaka pafupifupi 300 zinthuzi zitachitika. Al-Bakri, katswiri wa ku Andalus amene analemba mu 1068, patangopita zaka 9 Ibn Yasin atamwalira, akufotokoza zambiri za gululi ndipo akulitcha Murabitun, koma chilumba chokhala ndi ribat sakuchitchula. M'zaka za m'ma 1960, akatswiri ofukula zakale anakafufuza pa chilumba cha Tidra, kugombe la Mauritania, chimene ambiri ankachiganizira, ndipo sanapezepo chizindikiro cha linga.

Yankho lachiwiri likuloza ku sukulu. Wolemba wina wa ku Morocco, al-Tadili, amene analemba mbiri za anthu oopa Allah cha m'ma 1220, akunena kuti nyumba imene Waggag ibn Zallu anamangira ophunzira ndi owerenga Qur'an inkatchedwa Dar al-Murabitin, kutanthauza nyumba ya amurabit. Ngati zili choncho, dzinali linalipo kale Ibn Yasin asanaponde m'chipululu, ndipo analitenga kwa mphunzitsi wake pamodzi ndi maphunziro.

Yankho lachitatu ndi la Ibn Idhari wa ku Marrakesh, wolemba buku la al-Bayan al-Mughrib. Iye akuti Ibn Yasin anapatsa anthu ake dzinali itatha nkhondo ina yoopsa imene inawaphera anzawo ambiri, powayamikira kuti anapirira osathawa. Apa tanthauzo ndi lija la kumapeto kwa Surah Al Imran.

Akatswiri ambiri a masiku ano amakayikira nkhani ya chilumba, ndipo amaona kuti yankho lachiwiri ndi lachitatu sizitsutsana. Mphunzitsi amene anakulira m'nyumba yotchedwa Dar al-Murabitin, woidziwa bwino Qur'an ndi Muwatta, sakanavutika kupeza dzina loti apatse ophunzira ake ataonetsa kupirira. Chimene mayankho onse atatu akugwirizana ndi chakuti dzinali silinanene za magazi a munthu. Linanena za chimene munthuyo wadzimangirirapo.

Kuchokera m'chipululu mpaka ku Andalus

Zimene zinatsatira zinachitika mofulumira. Cha m'ma 1054 ndi 1055, Al-Murabitun analanda Sijilmasa kumpoto kwa chipululu ndi Awdaghust kummwera kwake, mizinda iwiri imene inali makomo a malonda a golide ndi mchere. Yahya ibn Umar anafera kunkhondo mu 1056, ndipo Ibn Yasin anaphedwa mu 1059 akulimbana ndi mtundu wa Barghawata. Utsogoleri unatsala m'manja mwa Abu Bakr ibn Umar, amene cha m'ma 1070 anayambitsa mzinda wa Marrakesh. Iye atabwerera kuchipululu, ulamuliro wa kumpoto unagwera wachibale wake, Yusuf ibn Tashfin.

Mu 1085 mzinda wa Toledo unagwa m'manja mwa Alfonso VI, mfumu ya Castile ndi León. Mafumu ang'onoang'ono a Asilamu a ku Andalus, amene ankangokhalira kukangana okhaokha, anapempha thandizo kwa Yusuf. Iye anawoloka nyanja, ndipo mu Okutobala 1086 anagonjetsa Alfonso pa nkhondo ya ku Zallaqa. M'zaka zotsatira anachotsa mafumu aja mmodzimmodzi n'kuphatikiza Andalus ku ufumu wake.

Olemba mbiri amamufotokoza Yusuf ngati munthu amene sanasinthe khalidwe la m'chipululu: ankavala zaubweya, ndipo chakudya chake chinali balere, nyama ndi mkaka wa ngamila. Sanadzitche Khalifa. Anatenga udindo woti Amir al-Muslimin, mtsogoleri wa Asilamu, n'kupitiriza kuvomereza Khalifa wa Banu Abbas wa ku Baghdad. Gululi linkakopanso anthu ndi lonjezo lothetsa misonkho yonse imene Shariah sinalamule. Yusuf anamwalira mu 1106.

Dzina litasanduka cholowa

Mwana wake, Ali ibn Yusuf, analamulira kuyambira 1106 mpaka 1143. Apa gulu la ophunzira a Ibn Yasin linali litasanduka banja lachifumu, mpando ukuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Ali anali munthu wopembedza, ndipo nthawi yake inasiya zinthu zokongola zimene zikadalipo: mzikiti waukulu wa ku Tlemcen unakongoletsedwa mu 1136, mzikiti wa al-Qarawiyyin ku Fez unakulitsidwa, ndipo mu 1137 amisiri a ku Córdoba anayamba kupanga mimbari yotchuka imene ikusungidwa ku Marrakesh.

Komabe chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nkhondo za ku Andalus zinkadya chuma chambiri, ndipo mzinda wa Zaragoza unatayika mu 1118. Misonkho ija imene makolo anaithetsa inabwerera, ndipo boma linafika polemba asilikali aganyu achikhristu, amene mtsogoleri wawo wodziwika anali Reverter wa ku Catalonia. Akatswiri a fiqh oyandikana ndi mfumu anali ndi mphamvu zambiri, moti mu 1109 ku Córdoba kunatenthedwa poyera buku la Ihya Ulum al-Din la Imam al-Ghazali, katswiri wa madhhab a Shafi'i amene Asilamu ambiri kuno kwathu timatsata.

Sitiyenera kubisanso kuti kuyambira pachiyambi pomwe, nkhondo zambiri za Al-Murabitun zinali zolimbana ndi Asilamu anzawo amene iwo ankawaona ngati osokera. Lupanga lomwelo linadzawatembenukira. M'mapiri a Atlas munadzuka mlaliki wina, Muhammad ibn Tumart, amene anatcha omutsatira Al-Muwahhidun, kutanthauza oikira umboni umodzi wa Allah. Adani a Al-Murabitun sankakonda kuwatchula dzina laulemu lija. Ankawatcha Al-Mulaththamun, ophimba kumaso, chifukwa amuna a Sanhaja ankavala nsalu yotchedwa litham imene inkasiya maso okha. Nsalu imene m'chipululu inkateteza munthu kumchenga, m'mizinda ya ku Andalus inasanduka chizindikiro cha olamulira. Mu 1147 Abd al-Mu'min, wolowa m'malo mwa Ibn Tumart, analanda Marrakesh, ndipo ufumu wa Al-Murabitun unathera pomwepo, usanakwanitse zaka 100 chilandireni Sijilmasa.

Kumene dzinali linakathera

Ufumu unatha koma dzina linapitirira, ndipo linayenda njira zodabwitsa. Ndalama ya golide ya Al-Murabitun, dinar yosulidwa ndi golide wochokera kummwera kwa Sahara, inkadalirika kwambiri moti ngakhale Akhristu a ku Spain ndi Portugal ankagulitsirana malo powerengera ndalama imeneyi. M'zaka za m'ma 1170, Alfonso VIII wa ku Castile anayamba kusula yakeyake ku Toledo, yofanana ndi ya Asilamu ija, yolembedwa m'Chiarabu koma yonyamula mawu achikhristu. Ku Portugal ndalama yotere inkatchedwa morabitino, ndipo ku Spain dzinali linasanduka maravedí. Zaka zikupita, mafumu ankachepetsa mtengo wake. Inasiya kukhala ya golide, ndipo pomalizira pake inali kakobiri ka mkuwa, koti 34 ndiye akwane real imodzi. Maravedí inagwiritsidwa ntchito mpaka pakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo n'zokayikitsa ngati wogula nayo buledi ankaganizako za Ibn Yasin.

Liwu loti murabit linalowanso m'Chifalansa n'kukhala marabout. Ku Senegal, Mali ndi mayiko oyandikana nawo, liwuli limanena shehe kapena mphunzitsi wa Qur'an, koma pakamwa pa anthu ambiri limanenanso wolemba zithumwa ndi woombeza. Nalo likulu la Morocco, Rabat, dzina lake ndi la muzu womwewu, ngakhale kuti amene analitcha Ribat al-Fath anali Al-Muwahhidun, omwe aja anagwetsa Al-Murabitun.

Zotikhudza ife

Chisilamu chathu sichinadzere kwa Al-Murabitun. Chinafika kunyanja kuno kuchokera kugombe la kum'mawa, kudzera m'njira zamalonda za ku Kilwa ndi Zanzibar, mwa amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota. Komabe nkhani ya dzina lawo ikutikhudza, chifukwa nafenso ndife anthu okonda maina olemera.

Mwana akabadwa timamusankhira dzina la Chiarabu. Wina timamutcha Abdullah, kapolo wa Allah. Wina Amina, wina Swabir, wopirira. Wina Sadiq, wonena zoona. Mizikiti, madrasa ndi mabungwe athu timawapatsa maina onena za kuwala, umodzi ndi kuopa Allah. Ndi angati mwa ana athu amene tinakhalapo nawo pansi n'kuwauza tanthauzo la dzina limene amavomera tsiku ndi tsiku? Ndi makomiti angati amene amakumbukira dzina lolembedwa pakhoma la mzikiti pamene mkangano wa maudindo kapena wa ndalama wabuka? Dzina la kholo munthu amabadwa nalo, ndipo palibe angamulande. Dzina lonena ntchito limafuna kuti m'badwo uliwonse uichite ntchitoyo, apo ayi limatsala ngati maravedí, dzina la golide pa kobiri la mkuwa.

Tisaiwalenso kuti zonsezi zinayamba ndi mfumu imene inavomera pamaso pa shehe kuti anthu ake sadziwa, n'kupempha mphunzitsi, komanso ndi ophunzira a mumzinda amene anakana kupita kumudzi. Midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ikadali ndi vuto lomwelo: mzikiti ulipo, ana alipo, koma mwalimu wokhazikika palibe, kapena alipo koma sitimuthandiza mokwanira kuti akhale. Achinyamata athu amene anaphunzira bwino, kuno kapena kunja, ambiri amakhazikika m'tauni. Mbiri ya Ibn Yasin ikutichenjezanso mbali inayo, yakuti maphunziro operekedwa ndi chikwapu amabala kuukira, ndipo changu chopanda chifundo chimathera pa kutcha Msilamu mnzako wosokera.

Ribat imene Mtumiki anaifotokoza sifuna ngamila, linga kapena ufumu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba ndipo madzi akuzizira ngati aluma, amene amadzuka kuchita wudhu mokwanira n'kuyenda mumdima kukaswali Fajr pagulu akuchita ntchito imene dzina la Al-Murabitun limanena. Chimodzimodzi mayi amene amaonetsetsa kuti mwana wafika kumadrasa ngakhale ntchito ya pakhomo itachuluka, ndi msodzi amene amakocheza bwato kuti Jumu'ah isamudutse. Anthu otere tili nawo m'midzi mwathu, ngakhale palibe amene anawalembapo m'buku la mbiri.

Allah atipatse kupirira ndi kukhazikika, ndipo atichititse kukhala oyenera maina abwino amene makolo athu anatipatsa. Ameen.